Chitseko cha Anambewe

Pardon anali atagwada pakhomo, akupala m'munsi mwa chitseko ndi puleni yobwereka, pamene mlongo wake, Deborah, anatsika kombi, minibasi yochokera ku Chegutu. Sanadzuke n'komwe kuti amulandire chikwama. Anangoti chitsekocho chatupa ndi chinyezi, chonsecho unali mwezi wa Seputembala ndipo ku Battlefields konse, dera la migodi kumene kunali kwawoko, kunali gwaa, fumbi lokhalokha.

"Mwezi wathanso chinatupa," anatero Deborah. "Ukapitiriza kupala, agalu azilowa osawerama."

"Takulandirani adokotala osabaya jakisoni," anayankha Pardon, maso ali pa thabwa.

Deborah anali mwana woyamba wa malemu Jonasi, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzathera moyo wake mu mgodi. Mtsikanayu anaphunzira ku Kadoma, kenako ku Harare, mpaka kunja kumene anakatenga udokotala wa sayansi ya fizikisi. Atabwerera anapeza chipinda mu fakitale yakale ya nsalu ku Chegutu, ndipo anachikonda chifukwa makina oluka anasiya kalekale kugwedeza pansi. M'menemo ankapanga tizipangizo tating'ono ngati nyemba, totha kumva nthaka ikapendama ngakhale pang'ono chabe, n'kutumiza uthenga pa foni. Akatswiri a m'mayiko ena ankamuimbira kudzafunsa nzeru. Koma pa komboni anthu ankangoseka, amvekere sukulu yonse ija n'kumaumba nyemba zosadyeka.

Pardon yekha ndiye anali munthu pamaso pa mayi awo, Anambewe. Sukulu anaithawa, n'kulowa gulu la makorokoza, anyamata okumba golide paliponse pamene fosholo yalowa. Akapeza kamwala ankabwera ndi nkhuku ndi shuga, n'kuyenda komboni yonse chifuwa chili patsogolo. Akasowa ankadya sadza, nsima ya amayi ake, osachita manyazi. Dzenje lake linali kuseri kwa chimbudzi, pansi pa mitengo ya gwafa, ndipo ankalumbira kuti msewu wake wapansi ukulowera kuphiri. Deborah sankakhulupirira, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Choncho Lamlungu m'mawa, anthu onse ali kutchalitchi ndipo malole a miyala ataima, Deborah anatenga khasu n'kukwirira tinyemba take tinayi, kamodzi pa ngodya iliyonse ya nyumba. Anatikulunga mu mphira wakuda wa chubu cha njinga kuti tisalowe chinyezi, n'kumanga ndi ulusi. Amayi ake sanawauze. Iye ankaona kuti kufotokozera anthu a pa komboni za sayansi n'kutaya malovu, ndipo kunyada kumeneku ndi kumene kunamugwetsa. Mayi Felesita a nyumba yoyandikana, amene mutu unkawawawa Lamlungu lililonse nthawi ya chopereka, anaona zonse kudzera mumpanda.

Patatha milungu ingapo foni ya Deborah inayamba kunena zimene iye ankaopa. Ngodya ya kuchipinda chogona amayi ake inali kutsika, ndipo inkanjenjemera nthawi zomwezo zimene Pardon amakhala kudzenje. Anamuimbira mlongo wakeyo n'kumuuza mosapsatira kuti msewu wake uli pansi pa bedi la amayi, aukwirire nyumba isanawagwere. Pardon anafunsa kuti wadziwa bwanji. Deborah, mwa matama ake, anamufotokozera zonse, mpaka pamene anakwirira.

Loweruka lotsatira Deborah anafika kuti adzawatenge amayi ake, koma anapeza pabwalo padzaza. Pakati panali mneneri Admire, mkanjo woyera wothimbirira m'khosi, ndodo m'manja, akununkhiza mpweya ngati galu wa alenje. Munthuyu chaka chathachi ankagulitsa mazira owiritsa pa siteji ya makombi ku Kadoma. Mzimu unamutsogolera molunjika ku ngodya zinayi zija, zomwe Pardon anali atamusonyeza dzulo lake. Pofukula, kamphira kalikonse kankatuluka kali ndi nthenga ya nkhuku yakuda, imene Deborah sanaikepo.

Amayi anayamba kulira, ena kuimba. Mneneri analengeza kuti zimenezi ndi zimene zikukokera nyumba pansi. Anati mkazi wophunzira, wopanda mwamuna, wopanda mwana, sangakwirire zinthu pakhomo pa make anthu ali kopemphera ngati alibe cholinga. Mayi Felesita anachitira umboni mokweza, mutu utapola.

Deborah anatulutsa foni n'kuyamba kuonetsa mizere yokwera ndi yotsika. Palibe anayang'ana. Mkwiyo utamukwera anawatcha onse mbuli, n'kuwonjezera kuti nkhuku imene yathotholedwa nthengazo ili ndi nzeru kuposa bwalo lonselo. Mawu amenewa anamaliza ntchito imene mneneri anaiyamba.

Anambewe anali atakhala pa mpando pakhonde, manja ali pamiyendo. Anamuitana mwana wawo ndi chala.

"Unakwirira ndiwe?"

"Ndine, amayi. Koma ndi zoyezera nthaka basi."

"Nyumba ino anandisiyira ndi bambo ako. Unandipempha?"

Deborah anabweza foni m'thumba. Anambewe anati pa zaka zawo zonse za Mvano sanachititsidwepo manyazi otere, ndipo anamuuza kuti abwerere kumene wachokera. Pardon anabweretsa palafini mwachangu chimene sanaonetsepo pa ntchito ina iliyonse. Ntchito ya miyezi yambiri inapsa pamoto wa zitsononkho, mneneri akuvina mozungulira.

"Zimenezo ndipanga zina," anatero Deborah atanyamula chikwama. "Koma mayi wina sindingapange. Pansi pa bedi lanu pali mphako, amayi. Ku Chegutu chipinda chilipo."

"Endai zvenyu, sisi," anatero Pardon, kumuuza m'Chishona kuti azipita, akumukankhira kumsewu ndi dzanja. "Nyumba yachira."

Nyumba yochirayo inakhala bwino mpaka Lachinayi, tsiku la Mvano. Anambewe anasita bulauzi yawo yoyera, anamanga duku, anatenga Baibulo ndi buku la nyimbo. Atagwira chitseko, sichinasunthe. Anakoka ndi manja awiri, anachimenya ndi phewa, koma chinali chitalumana ndi simenti ngati anachikhomera. Anaitana Pardon pawindo, osayankhidwa.

Anabwerera kuchipinda n'kukhala pa bedi kuti apume. M'nyumba munali zii, ndipo m'pamene anamva. Gu, gu, gu, pansi pa mapazi awo. Madzi a m'kapu ya mankhwala awo ankanjenjemera pa tebulo. Zithumwa zija zinali zitapsa, mneneri anali atadya nkhuku yake n'kupita, nanga ameneyu anali ndani?

Anambewe anatenga mpini wa khasu umene unkakhala kuseri kwa chitseko n'kumenya pansi katatu, mmene ankagogodera pa chipinda cha Pardon pomudzutsa. Kugunda kuja kunasiya. Mtima wawo unadumpha ndi chiyembekezo: wamva, wadziwa kuti ali pansi pa mayi ake, atuluka tsopano. Anadikira atagwira mpiniwo.

Gu, gu, gu. Kugunda kunayambiranso, mofulumira kuposa poyamba.

Sanalire. Chimene anamva chinali kunyansidwa, ndi mwana amene anamulera pa msana komanso ndi iwo eni. Anayala chitenje pa bedi, anaikamo zovala zochepa, mankhwala, ndi chithunzi cha malemu Jonasi, n'kumanga mfundo. Kenako anakokera mpando pawindo. Mayi wa imvi m'mutu monse, msungichuma wakale wa Mvano, anatulutsa mwendo umodzi, kenako winawo, n'kutsikira mu bedi la anyezi, bulauzi yoyera itang'ambika pa msomali.

Mayi Felesita anali kale pampanda, monga mwa nthawi zonse.

"Anambewe, mwayamba kutulukira pawindo? Zija zabwereranso? Tiitanenso mneneri?"

"Muitaneni," anatero Anambewe akusasa dothi pa siketi. "Mumuuze kuti china chatsala pansi pa bedi. Chimenecho n'chachikulu, chimadya sadza, ndipo ndinachibereka ndine."

Anasenza katundu wawo n'kudutsa pa tchalitchi osapatuka, anzawo akuimba mkati. Pa msewu waukulu anakwera kombi ya ku Kadoma, ndipo kumeneko anapempha kondakitala kuti awasonyeze ya ku Chegutu. Njira yonse ankakonza mawu oti akamuuze Deborah, ndipo anatsimikiza kuti akayamba ndi kumudzudzula pa nkhani ya kusapempha ija, chifukwa pa nkhani imeneyo yokha iwo sanalakwe.

Madzulo Pardon anatuluka m'dzenje ali mbuu ndi dothi, njala itamugwira. Anakankha chitseko, chinakana. Anatukwana chinyezi, n'kupita kukabwereka puleni ija. Anagwada pakhomo n'kuyamba kupala, uku akufuula kuti amayi atenthetse ndiwo.