Uchi wa Kutsidya

Kambulu kachisanu nako kanaphwanyikira m'manja. Aida anakafinyanso, koma kanayoyoka ngati mchenga n'kugwera m'beseni. Linali Lachiwiri, pa 15 Okutobala 2024, dzuwa litangopendeka, ndipo m'mawa mwake mwamuna wake Abson ankanyamuka kupita kupatirolo ya masiku khumi.

Abson anali sikauti, mmodzi mwa alonda a nyama a ku Lupande. Kwa zaka ziwiri m'mimba munkamusautsa, mpaka kuchipatala anamuuza kuti thupi lake limadana ndi tirigu: asiye buledi, mabanzi, mabisiketi, chilichonse cha fulawa. Pakhomo lamuloli silinali lovuta. Linkavuta kutchire. Gulu likamabisalira opha nyama mozemba moto sukolezedwa, chifukwa utsi umaulula pamene pali anthu, ndiye chakudya chimakhala mabanzi ndi mabisiketi. Kawiri konse, mu Juni ndi mu Ogasiti, Abson anabwezedwa ndi galimoto patirolo isanathe. A Sydney, mkulu wa gulu lawo, anali atanena mosabisa kuti kachitatu sadzathanso kumuikira kumbuyo, ntchitoyo adzapatsidwa wina.

Nzeru ya timibulu inachokera kwa Queen, mnzake wa Aida wa kukwaya, yemwe ankaphika kuloji ina kufupi ndi Mfuwe. Alendo ena kumeneko sadya tirigu, choncho akamapita kukaona nyama amawanyamulira timibulu tozuna tosalowa mu uvuni.

"Azungu amati ndi keke wosaphika," anatero Queen. "Iwo timawaikiramo chokoleti. Wakoyo muikire malambe, sangadziwe kusiyana kwake."

Anamutchulira zonse: makapu awiri a chiponde, kapu imodzi ya ufa wa mapira okazinga, masipuni atatu a ufa wa malambe, kamchere pang'ono, ndi theka la kapu ya uchi. Uchiwo ndiwo umamata zonse pamodzi, ndiwonso umateteza kuti zisasase padzuwa.

Zonse Aida anali nazo kupatula uchi. Mvula inali itakana chaka chimenecho, maluwa kunalibe, ndipo njuchi zinali zitathawa m'ming'oma ya m'mudzi. Wa m'mabotolo, wa kushopu ya kumsewu wa kubwalo la ndege, unali wa alendo, osati wa mkazi wa sikauti. Lamlungu anayesa madzi a shuga. Timibulu tinagwirana ndithu, koma pofika Lolemba madzulo tinali titasasa.

Akadali chiyang'anire m'beseni muja, anamva njinga ikutsamizidwa pakhoma. Anali mlongo wake Tonny, wamng'ono kwa iye ndi zaka zinayi, bambo wa ana atatu amene munda wake wa thonje unali utauma usanachite maluwa.

"Mwaswera bwanji, asisi? Ndamva zoti mukufuna kuwaphikira alamu zachizungu."

Anatula kachigubu kakale ka mafuta ophikira. Munali uchi wakuda, wosakanikirana ndi phula ndi njuchi zakufa. Dzanja lake lamanja linali lotupa ngati banzi, ndipo thalauzi lake linali ndi matope ouma mpaka m'ntchafu. Kumapazi kunali jombo zakale za Abson, zimene anamupatsa chaka chatha atalandira zatsopano. Mitsinje yonse ya mbali ino inali itauma kale. Madzi ofika m'ntchafu anali atatsala mu Luangwa mokha, ndipo kutsidya kwake n'kupaki ya nyama, kumene munthu wamba saloledwa kulowa.

"Mwaufula kuti?" Aida anafunsa.

"Uko," Tonny anayankha, akuloza ndi chibwano mbali imene kunalibe chilichonse.

Aida sanafunsenso. Anatsekula kachigubu kaja, fungo la utsi linamuwomba, utsi wolemera wa ndowe za njovu zimene ofula uchi amaotcha pothamangitsa njuchi. Anasefa uchiwo kawiri pa kansalu koyera. Phula linatsala, fungo silinatsale. Anaonjezera sipuni ina ya malambe kuti kuwawasa kuliphimbe, kenaka anathira uchi m'beseni n'kuyamba kukanda. Ufa uja unagwirana nthawi yomweyo. Anaumba timibulu makumi anayi, tinayi patsiku, kalikonse konga dzira la nkhanga, natiyala m'kontena yapulasitiki yabuluu.

Abson atabwera kuchokera kukampu ya masikauti analawa kamodzi, natafuna pang'onopang'ono ngati munthu woopa kukhumudwa. Kenaka anaseka, kuseka kumene Aida anali asanakumve kuyambira mu Ogasiti. Ananena kuti ulendo uno mabanzi adye a Sydney okha, nafunsa kumene uchi wapezeka m'chaka chotere.

"Wandigawira ndi Queen, wa kuloji," anatero Aida, akupukuta beseni limene linali loyera kale.

Galimoto inamutenga Lachitatu faifi koloko m'mawa. Inayenera kumubweza Lachisanu pa 25. Inamubweza Lolemba pa 21, nthawi ya masana.

Anatsika atagwiriridwa ndi anzake awiri, milomo itang'aluka, lamba atamangira pa bowo latsopano. Sanamuyang'ane Aida. Atamugoneka m'nyumba, a Sydney anatsalira panja, kontena yabuluu ili m'manja. Anali munthu wa imvi zochepa, wosakweza mawu. Anapempha mpando, napempha kuti Purity, mwana wa m'nyumbamo, apite kaye kokasewera.

Anafotokoza mwadongosolo, monga amalembera malipoti. Lachinayi, tsiku lachiwiri la patirolo, anapeza kutsidya mtengo waukulu wa tsanya utagwetsedwa ndi nkhwangwa, mphako yake itakumbidwa. Moto wa ofula uchiwo sunazimitsidwe bwino. Unali utapsereza udzu wotsala wa dambo lonse, umene nyama zinkadalira mpaka mvula. Pachitsapo panali mapazi a jombo, mtundu womwewo umene masikauti amavala. Masana a tsiku lomwelo, akupuma pamthunzi, Abson anatsekula kontena n'kugawira anzake kamodzikamodzi.

"N'tokoma, alamu, sindinama," anatero a Sydney. "Koma nditangoluma, ndinamva fungo lomwe lija la pachitsa. Anyamata anayamba nthabwala, ati Abson akudya umboni. Iye anati ndi uchi wa kuloji. Apo ndiye anaseka kwambiri, chifukwa wa kuloji umabwera m'mabotolo, sununkha ndowe."

Kuyambira pamenepo Abson anatseka kontena ija osaitsekulanso. Anakhala ndi njala tsiku lathunthu, kenaka anadya mabanzi ngati wina aliyense. Loweruka anayamba kutsekula m'mimba. Lamlungu ankalephera kunyamula mfuti.

A Sydney anaika kontena ija pansi, pafupi ndi mapazi a Aida. Ananena kuti lipoti liyenera kutumizidwa Lachitatu, popeza Lachinayi pa 24 ndi tsiku la ufulu, maofesi sakhala otsekula. Ngati dzina la wofula uchi litadziwika, lipoti lidzati sikauti ananamizidwa, ndipo anadwala chifukwa chokana kudya katundu wa m'paki. Zoterozo iwo angathe kuziteteza kwa akuluakulu. Ngati dzina palibe, lipoti lidzati sikauti anapezeka ndi uchi wa m'paki, pachitsa pali mapazi a jombo, ndipo wabwezedwa kachitatu.

"Ine sindilemba zimene ndikuganiza, alamu. Ndimalemba zimene ndauzidwa. Amuna anu sakundiuza kanthu."

Lachiwiri Abson anatha kukhala tsonga n'kumwa phala la mapira. Aida anakhala pamphasa, kudikira kukalipiridwa. Kukalipako sikunabwere.

"Amake Purity, ndinakufunsani kamodzi, munandiyankha," anatero. "Ine ndinapita kukabwereza yankho lanu pamaso pa anthu asanu."

Aida anayamba kufotokoza za madzi a shuga, za njuchi zothawa, za kachitatu kamene a Sydney ananena. Abson anamusiya mpaka anamaliza. Kenaka anamuuza kuti dzinalo akulidziwa kuyambira Lachinayi. Jombo yakumanzere ya pachitsa paja inali yong'ambika kuchidendene, ndipo anaing'amba ndi iye mwini pa chitsulo cha galimoto zaka zitatu zapitazo.

"Nanga bwanji simunawauze?"

"Ndikawauza, alamu akamangidwa. Kulowa m'paki, kugwetsa mtengo, ndi moto uja pamwamba, si nkhani ya masiku. Ana awo atatu aja abwera kudzakhala pamphasa pomwe mwakhalapo. Ndipo kwanu ndidzalowako bwanji, ine mkamwini amene ndinamangitsa mwana wa eni mudzi?" Anaika kapu pansi. "Dzinalo m'kamwa mwanga silituluka. Ndi mlongo wanu."

Lachitatu m'mawa Aida anakwera njinga kupita kwa Tonny, mtunda wa ola limodzi cha ku Nsefu. Anapeza pakhomo pali thumba la ufa longotsekulidwa kumene, ana akudya. Uchi wotsala unali utasinthitsidwa ndi thumba limenelo. Anamuitanira mlongo wake kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu, namuuza zonse m'Chikunda cha kwawo, motsitsa mawu. Anamupempha kuti apite yekha kukampu akadzipereke, mwina akamumvera chisoni.

Tonny anamvetsera akukanda dzanja lija, limene tsopano linali kusupuka. Ananena kuti moto sanaufune, anauthira mchenga, mphepo ndiyo inaudzutsa. Ananena kuti chisoni cha kukampu akuchidziwa: mnzake wina anachipempha chaka chatha, mpaka lero adakali kundende ku Chipata.

"Ndiye amuna anga achotsedwe ntchito chifukwa cha inu?"

"Asisi, matope aja munawaona. Ndinakuonani mukuwaona." Sanakweze mawu. "Munandifunsa kamodzi kokha."

Mwana wamng'ono wa Tonny anabwera kudzamugwira Aida chitenje, manja ali ndi chakudya, namufunsa ngati wawabweretsera timibulu timene atate awo ankanena.

Anafika kukampu leveni koloko itadutsa. A Sydney anali pansi pa mtengo, tebulo laling'ono patsogolo pawo, lipoti litalembedwa theka. Aida anakana mpando, anagwada pambali. Ananena kuti uchi analandira ndi iye, kuti ankadziwa kumene wachokera, kuti iye ndiye ananamiza mwamuna wake mwadala ndipo Queen sakudziwapo chilichonse. A Sydney analemba zonsezo, nawerenga mokweza kuti atsimikize.

"Izi zithandiza kuti asamutche wakuba," anatero. "Koma sizimusungira ntchito. Akuluakulu adzati sikauti amene uchi wa m'paki umalowa m'nyumba mwake, ndipo nyumba yonse ikubisa wobweretsa, sangatumidwe kukalondera paki. Anakupatsani ndani, alamu?"

Cholembera chinali chitaima pamwamba pa pepala. Aida anayang'ana mzere wopanda kanthu pamene dzinalo likanakhala. Linali dzina lalifupi, lakuti likanatenga kamphindi kochepa kulilemba. Anaganiza za yunifolomu imene anali ataichapa dzulo lake, ili pachingwe. Anaganizanso za dzanja la chakudya lija pa chitenje chake. Banga lake linali likuonekabe.

"Ndi munthu wongodutsa," anatero. "Sindimudziwa."

A Sydney anamuyang'ana kwa nthawi. Analinso ndi alamu awo, monga aliyense m'chigwamo. Analemba mawuwo monga anawamvera, naika deti.

Kalata yomuchotsa ntchito Abson inabwera Lachinayi pa 31 Okutobala. Abson anapinda yunifolomu, napukuta jombo zatsopano zija, nazipereka kukampu. Anabwerera wapansi atavala masilipasi. Aida anali atakhala pakhonde, ndipo kontena yabuluu inali pambali pake. Anali ataitulutsa kuti ataye zam'katimo, aitsuke. Kuyambira tsiku limene a Sydney anaibweza inali pamwamba pa kabati, m'nyumba yamalata yotentha ngati uvuni, popanda woikhudza.

Anaitsekula akuyembekezera nkhungu. Timibulu tonse tinali bwinobwino, tolimba, tonyezimira pang'ono. Patatha masiku khumi ndi asanu ndi limodzi a dzuwa la Okutobala, panalibe ngakhale kamodzi kosasa.

Abson anakhala pansi pambali pake. Anayang'ana m'kontenamo, natenga kamodzi, nakanunkhiza. Fungo la utsi linali likadalimo. Anakadya konse pang'onopang'ono, akuyang'ana kumsewu kumene galimoto ya patirolo inkadutsa ndi anthu ena.

"Timeneti tikanakwana masiku khumi," anatero.

Aida anatseka kontena ija. Sanaitsuke tsiku limenelo.