Paipi ya Geresomo

Paipi ya papikapu ija inayambanso kulira Imelda ali mkati motsuka mbale za pamaliro. Mphepo yotentha ya masana ikalowa kukamwa kwake, inkatulutsa kamluzu kotopa, ndendende mmene malemu mwamuna wake, Geresomo, ankapumira mphumu ikamugwira. Anasiya mbale m'beseni n'kuyang'ana pikapu yomwe inaima patsinde pa mtengo wa nimu. Munalibe munthu.

Malemuyo anailumikiza yekha paipiyo chaka chatha. Anaboola pambali pa boneti n'kuikweza mpaka kudenga la galimoto, kuti injini izikoka mpweya woyera, kutali ndi fumbi la msewu wa kwa Chapananga ndiponso madzi a mtsinje wa Mwanza ukasefukira. Ankamanga pang'ono, n'kukhala pansi kudikira kuti chifuwa chimasuke, n'kudzukanso.

Rodgers, mng'ono wa malemuyo, anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula sipanala.

"Alamu, chinthu ichi ndichotse. Anthu akuopa kudutsa pano, akuti achimwene sanachoke."

"Musachikhudze," anatero Imelda.

"Nanga galimoto iolere pompano? Ine ndipita nayo ku Nchalo, izikagwira ntchito. Pakhomo pano palibe mwamuna woti n'kuiyendetsa."

Magdalena, mwana yekhayo wa malemuyo, anali pakhonde, mpango wakuda uli kumutu. Ndiye ankayenda ndi bambo ake kumisika kokagulitsa mbuzi. Anangoti zyoli.

Paipi inaliranso. Rodgers anadzidzimuka, kenako anaseka mwamanyazi. Anaponya sipanala pansi, natenga kiyi pamsomali wa pachitseko. Imelda anafuna kumuletsa koma anadzigwira. Popeza mwambo wa maliro unali usanathe, akanakangana bwanji ndi mlamu wake anthu akuona?

Rodgers anatsegula chitseko cha pikapu n'kulowetsa mwendo. Bondo linagunda chiwongolero. Anayesa kukankhira mpando kumbuyo, koma sunasunthe. Atawerama anaona kuti unali wowotcherera kutsogolo, ndipo zowotchererazo zinali zisanachite n'dzimbiri lomwe. Pa mabuleki ndi popondera moto panali timatabwa tosemedwa bwino, tomangidwa ndi mabawuti atsopano.

"Zimenezi anapanga liti?" anafunsa motsitsa mawu.

Imelda anayandikira n'kusuzumira. Anakumbukira sabata yomaliza ija, Geresomo atakana kugona pamphasa, akusema timitengo pamthunzi uku akubanika. Imelda ankayesa kuti ndi zogwirira mipeni.

"Magdalena, tabwera kuno," anaitana.

Mtsikanayo anabwera pang'onopang'ono. Anali wamfupi ngati mayi ake, ndipo bambo ake akamamuphunzitsa kuyendetsa ankachita kumuikira thumba la madeya kumsana. Rodgers atapatuka, Magdalena anakwera n'kukhala. Mapazi ake anafika pa timatabwa tija osatambasula n'komwe.

Rodgers anaima nthawi yaitali, akuyang'ana mapaziwo. Kenako anapukuta kiyi pamalaya ake, naipereka kwa mwana wa mkulu wake ndi manja awiri.