Nkhope Yapamsomali wa Kafupi

Madamu analowa m'kalasi belu lisanalire, koma nkhope ija anaipeza itawatsogolera kale. Inali lende pamsomali wa Kafupi, yachikasu, yoyasamula, ikugwedezeka pang'ono ngakhale kuti mawindo onse anali otseka. Anaima pakhomo mabuku ali kukhwapa.

"Wakoleka nkhope apa ndani?"

Ana amene ankasesa anaimitsa matsache. Palibe anayang'ana mnzake.

"Ndafunsatu. Ndani?"

"Ndi ya Kafupi, Madamu," anayankha Wailesi, mtsikana amene ankakhala desiki imodzi ndi Kafupiyo. Dzinalo anamupatsa ndi anzake chifukwa pakamwa pake sipankazima, koma masiku amenewa mawu ankachita kuwerenga.

"Kafupi ali kumudzi."

"Wasankha yekha, Madamu."

Madamu anaichotsa nkhopeyo mwaukali n'kuiponya m'katoni momwe munkakhala zinzake. Aka sikanali koyamba.

Za tinkhopezi anayambitsa okha. Ana aang'ono ukawafunsa kuti ali bwanji, yankho limakhala limodzi ngati kwaya: "Tili bwino, kaya inu Madamu!" Amayankha choncho ngakhale amene wamenyedwa m'mawa womwewo. Ndiye Madamu anadula makatoni mozungulira, anawapaka utoto wachikasu, n'kujambulapo tinkhope ta pafoni tija amati maimoji. Panali yoseka mpaka misozi, yolira, yokwiya, yamantha, yoyasamula, ndi yodwala yothonya thukuta. Kukhoma anakhomako misomali, uliwonse ndi dzina la mwana pamwamba pake. M'mawa uliwonse mwana ankasankha nkhope, kuikoleka pamsomali wake, kenako n'kunena kandakatulo kofotokoza chifukwa chake. Lamulo linali limodzi lokha, ndipo ana ankalinena mokuwa asanayambe: "Aliyense asankhe yekha! Mtima sabwerekana!"

Zinayenda kuposa momwe Madamu ankayembekezera. Mnyamata wina wovuta, wotchedwa Kaputeni, anakoleka yokwiya n'kunena manja ali m'chiuno:

"Nsapato zanga zili ndi njala,
zatsegula pakamwa,
zikudya miyala."

Madamu anaseka mpaka kugwira tebulo. Ankanyadira ntchitoyi, osati pang'ono, ndipo mphunzitsi aliyense wodutsa pakhonde ankamukoka kuti adzaone khoma lawo.

Kafupi anali wamng'ono kuposa onse, wolankhula mochedwa, uku akukoka mpendero wa diresi yake. Ankakhala ndi azakhali ake. Tsiku lina azakhaliwo anabwera kusukulu khanda lili kumsana, n'kuuza Ahedi kuti mwanayo wapita kumudzi kwa agogo ake ndipo sabweranso. Madamu zinawakhudza, koma ana amabwera n'kumapita, ndiye anangousiya msomali uja mmene unalili. Patangopita masiku ochepa, nkhope zinayamba kumapezeka pamenepo. Poyamba inali yoseka, kenako yodabwa, kenako yoyasamula mobwerezabwereza.

Nthawi yopuma, Madamu anakadandaula kuofesi.

"Ahedi, ana anga ayamba kundiopseza. Akukolekera nkhope munthu woti kulibe, ndipo ndikafunsa akundiyankha osaphethira kuti wasankha yekha."

Ahedi anaika kapu pansi n'kuseka. "Mwayamba kuphunzitsa ndi mizimu yomwe, Madamu? Ndiye muiuze izibwera itavala yunifolomu."

"Musaseke, ine zikundisowetsa mtendere."

"Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha. Koma apa munalirira ndinu, munasemanso ndinu. Zidole za pafonizi ife tinakula opanda. Kazuleni msomaliwo, nkhani yatha."

Ana ataweruka, Madamu anabwereka hamala kwa alonda n'kuuzula. Dzina la Kafupi analifufuta ndi nsanza yonyowa mpaka khoma linayera. Anapita kwawo mtima uli m'malo.

Kutacha anapeza msomali uli pomwepo. Unali wina, wadzimbiri, wopindika, wokhomedwa ndi mwala. Pamwamba pake dzina linalembedwanso ndi choko, zilembo zopendekeka. Ndipo panali lende nkhope yodwala ija, yothonya thukuta.

Madamu anaichotsa n'kuyambitsa ndakatulo ngati masiku onse. Ana ankaimirira motsatana, mzere ndi mzere. Itafika nthawi ya mpando wa Kafupi, wotsatira sanaimirire. Kalasi yonse inangoti zii, mitu itapendekera kumpando wopanda munthuwo ngati pali wina amene akumudikira kuti atsegule pakamwa. Kunja kunkamveka ana a kalasi ina akuloweza masamu, koma m'chipindamo ngakhale wokhosomola munalibe.

Kenako Wailesi anaimirira pang'onopang'ono. Anagwira mpendero wa diresi yake n'kuyamba kuukoka. Mawu amene anatuluka sanali ake aja othamanga. Anali ochedwa, otsika, a Kafupi enieni.

"Dzuwa limalowa pawindo..."

"Khala pansi!" Madamu anamenya tebulo ndi dasitala mpaka fumbi linati koboo. "Lamulo likuti chiyani? Mtima sabwerekana! Wina akadzayerekezanso masewera amenewa, tinkhope tonseti ndikatentha."

Wailesi anakhala. Sanalire, anangowayang'ana Madamu nthawi yaitali, ndipo Madamu ndi amene anayamba kuyang'ana kumbali. Kunena zoona ankachita mantha, ndipo mantha a munthu wamkulu pamaso pa ana amatulukira muukali.

Tsiku lotsatira mwana sanawalonjere ndi mmodzi yemwe. Anawapeza onse atakhala kale m'malo mwawo, manja ali pamadesiki, pansi posasesa. Atatembenukira kukhoma, mabuku anawapulumuka. Misomali yonse inali ndi nkhope imodzimodzi, yamantha, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa. Madamu anapanga zamantha zochepa chabe, ndiye ana enawo anang'amba mapepala n'kujambula zawo ndi pensulo, zina zopotoka, zina za maso aakulu kuposa mutu. Khoma lonse linkawayang'ana. Pamsomali wadzimbiri uja panali nkhope yokolekedwa chotembenuza, kuonetsa kumbuyo kwake, katoni chabe wopanda maso, wopanda pakamwa.

Ukali unawathera. Anapita padesiki ya Wailesi n'kugwada kuti maso awo alingane.

"Mwanawe, iyi bwanji ilibe nkhope?"

"Sanasankhe, Madamu."

"Sanasankhe chifukwa chiyani?"

"Dzulo sanabwere pawindo."

"Windo liti?"

Wailesi anayang'ana Kaputeni. Kaputeni anayang'ana nsapato zake.

"Tinalumbira, Madamu," anatero mnyamatayo. "Anati tikaulula, azakhali ake amutumizadi kumudzi."

"Ndiye kuti kumudzi sanapite?"

Apa Wailesi anatseguka, mawu akugundana ndi misozi. Kafupi sanapite kulikonse. Azakhali ake anapeza ntchito kutali, yonyamuka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo analibe womusiyira khanda. Ankawatsekera awiriwo m'nyumba n'kuika loko kunja. Ana poweruka ankadzera kuseri kwa nyumbayo, atabisa tinkhope m'malaya. Ankamuonetsa pawindo imodziimodzi, iye n'kuloza imene akufuna. Kenako ankanena ndakatulo yake, Wailesi n'kuiloweza.

"Inu munati aliyense asankhe yekha," anatero Wailesi. "Ndiye timakamufunsa. Ife sitinamusankhirepo, Madamu, olo tsiku limodzi."

Madamu anakumbukira m'mawa uliwonse umene anafunsa kuti wakoleka ndani. Kuti wasankha bwanji, wasankhira kuti, sanafunsepo. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo ankalimva kukhosi.

"Ndakatulo ya dzulo ija, imalize."

Wailesi anapukuta mphuno ndi mkono.

"Dzuwa limalowa pawindo,
limakhala nane pang'ono,
kenako limatuluka.
Ilo salitsekera."

Madamu anadzuka. Anauza Kaputeni kuti akaitane Ahedi adzakhale ndi kalasi, n'kumugwira Wailesi padzanja.

Nyumbayo inali kumapeto kwa mdadada wa zipinda zalendi. Nthawi imeneyo anthu anali atapita kuntchito, zitseko zonse zotseka, zovala zili pachingwe osagwedezeka. Panalibe galu, panalibe wailesi ya munthu, kupatula phokoso la sowo kwa akalipentala kutsidya kwa msewu. Kuseri kunali kawindo kakang'ono kazitsulo, m'mwamba ndithu, ndipo pansi pake ana anasanjikiza njerwa zokwererapo. Madamu anakwera, njerwa zikugwedezeka. Anayesa kusuzumira koma nsalu inatchinga. Munkatuluka fungo la matewera ndi kutentha kwa malata.

"Kafupi! Ndine Madamu ako!"

Kunali zii. Anaitananso. Patapita kanthawi munamveka kulira kwa khanda, kosasa mawu, kwa mwana amene walira mpaka kutopa. Kenako nako kunaleka.

Mayi wina wa chipinda choyandikana anatsegula chitseko pang'ono, kuonetsa diso limodzi.

"Mukufuna eni ake? Amabwera madzulo."

"Mayi, muli mwana wanga wasukulu m'nyumbamu. Mwamumva lero?"

"Ife timangomva khandalo. Za m'nyumba ya eni ndi zovuta, amayi. Ukalankhula amati ndiwe wamiseche."

"Nanga dzulo munamumva?"

Mayiyo anaganiza, ndipo chitseko chinatseguka chonse. "Masiku onse amaliimbira khandalo likalira. Dzulo sindinamve nyimbo. Azakhali akewo ndinawamva akuti adzamugulira mankhwala pobwera."

Madamu anathamangira kwa akalipentala, Wailesi ndi mayi uja akuwatsatira. Bamboyo anamvetsera akupukuta utuchi m'manja, n'kupukusa mutu.

"Aphunzitsi, ine ndimakhoma maloko, sindithyola. Mawa adzati ndaba, inu muli kusukulu kwanu."

"Mlandu ndi wanga, bambo. Mayi awa ndi mboni. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, tiyeni msanga."

Akalipentala anayang'ana Wailesi. Anatola chitsulo chozulira misomali. Loko sanavute, anangolira kamodzi n'kugwa pansi.

M'katimo munali mdima ndi kutentha. Maso atazolowera, Madamu anaona Kafupi atagona pansi pafupi ndi chitseko, tsaya lili pasimenti pomwe pamalowera kamphepo. Pamkono wake anamangirira nsalu, ndipo mbali ina ya nsaluyo inali m'chiuno mwa khanda. Anachita dala kuti iye akagona, khandalo lisakwawire kundowa ya madzi imene inali pakona. Khandalo linakhala tsonga pambali pake likuyamwa chala, likuyang'ana alendowo osaphethira.

Madamu anagwada n'kumugwira pachipumi. Anali moto. Koma ankapuma.

"Mayi, tengani khandali, mulimwetse madzi. Azakhali ake akabwera muwauze atipeze kuchipatala, ndipo asaope, ndikufuna tikambirane ngati anthu. Wailesi, thamanga ukauze Ahedi kuti lero sindibwerera."

Anamasula nsalu ija m'chiuno mwa khanda ndi pamkono wa Kafupi, anamukweza kumsana n'kumubereka nayo. Anali wopepuka ngati mtolo wa zovala zouma. Akalipentala anatsogola kukaimitsa galimoto pamsewu.

Atatuluka padzuwa, mwanayo anatakataka. Madamu anamva mpweya wotentha pakhosi pawo, kenako timawu tochedwa tija.

"Madamu?"

"Ndine, mwanawe. Usalankhule, tikupita kuchipatala."

"Mwana ali kuti?"

"Ali ndi amayi a pafupi aja. Ali bwino."

Anayenda pang'ono. Madamu ankaganiza kuti wagonanso.

"Madamu, yodwala ija Wailesi anakoleka?"

"Anakoleka."

"Munaiona?"

Bodza linali pafupi, ndipo mwana wotentha thupi chonchi akanalikhulupirira. Madamu analimeza.

"Ndinaiona."

Kafupi anatsamiritsa chibwano paphewa pawo.

"Nanga bwanji munachedwa?"

Madamu anakokera mfundo ya nsalu pachifuwa, anamukankhira mwanayo m'mwamba pang'ono, n'kuyamba kuthamanga.