Mwera wa M'chilimwe

Asiya anapititsa chala pachishalo cha njinga ya mwamuna wake, chalacho chinabwerako ndi fumbi. Anapukutira pansalu n'kupititsanso, pakati penipeni pamene munthu amakhalira. Fumbi lomwelo, lokhuthala, losati la tsiku limodzi.

Njingayo inali itatsamira pankhokwe ya mpunga, mwini wake akusamba kuseri. Mwamuna wakeyo, Zaidi, ankagwira ntchito pachigayo cha mpunga kuboma la Kota Kota. Chibwerereni kunkhondo ya Azungu, ankapalasa m'mawa uliwonse kuchokera ku Chia, madzulo n'kubwerera. Ndi mtunda wosati wamasewera. Chishalo cha munthu wotero chimawala ngati chipumi chodzola mafuta. Ichi chinali mbuu.

Panalinso zina. Pochapa malaya ake a kaki, Asiya ankapeza kumsana thukuta litauma n'kusiya timizere toyera, topingasana ngati maluko a mkeka. Iye anayamba kuluka milaza ali mtsikana, ndipo ankadziwa dzanja la mayi aliyense pamudzipo. Maluko amenewa sanali ake. Sanalinso a munthu wa pa Chia. Kuwonjezera apo, Zaidi anali atasiya kusamba kudooko ndi amuna anzake. Ankagona atayang'ana kukhoma, atadzikulunga nsalu ngakhale kutenthe bwanji, ndipo chikololereni mpunga sanamukhudze mkazi wake.

Zaidi anatulukira akumanga mabatani.

"Bambo a Sofiya, njingayi ikukuvutani?"

Mwamunayo anayang'ana pansi kanthawi. "Ndi mwera, mayi a Sofiya. Mwera wandivuta. Kupalasa sindikutha bwino."

Asiya anakweza maso kumtengo wa mango. Unali mwezi wa Novembala, dzuwa loswa mtengo, tsamba ngakhale limodzi losagwedezeka. Mwera umawomba nthawi yozizira, umatha anthu asanayambe kusosa m'minda. Mwana aliyense wa kunyanja amadziwa zimenezo. Munthu wobadwira m'mbali mwa madzi akafika ponama za mphepo, ndiye kuti mkazi wake akumuyesa chitsiru.

"Chabwino," anatero Asiya. "Muyende bwino ndi mwera wanuwo."

Anamuyang'ana akuchoka. Zaidi anakankha njinga mpaka kunjira, anakwera, n'kumapalasa choimirira ngati mnyamata wothamangira mpira.

Masana ake Asiya anapita kukavuula chinangwa chimene anaviika m'mphepete mwa thamanda. Kumeneko anapeza Tatu, mkazi wa mchimwene wake, amene ankagulitsa nsomba zowamba m'mbali mwa msewu ndipo nkhani ankazitola pamodzi ndi makobidi.

"Mlamu, njinga ya a Zaidi ikunenepatu," anatero Tatu akusenda chinangwa. "Imaswera pamthunzi tsiku lonse."

"Mthunzi wa kuchigayo?"

"Chigayo chake chiti? Kwa Benedicta, wamasiye wa kumishoni uja, wa nyumba yozira laimu pamsewu. Ndaiona ndi maso angawa, yatsamira pakhoma ngati mkamwini wolandiridwa."

"Nanga iwo amafika bwanji kuboma?"

"Zimenezo afunseni eni ake. Ine ndimangomva kwa anthu ogula nsomba. Akuti amangofika, kutsamiritsa njinga, kugona. Tsiku ndi tsiku, kugona chagada. Akamanena amachita kuseka mpaka misozi."

Asiya anafinya chinangwa mpaka madzi ake onunkha anamuthovukira kumaso. Sanalire. Kulira sikunam'thandizepo kanthu chibadwire. Mkazi wachiwiri chipembedzo sichiletsa. Zaidi akanapita kwa ankhoswe n'kunena poyera, akanakangana, n'kutha. Koma zozembera, anthu a mumsewu n'kumaseka? Mudzi uwu ndi wa kwawo kwa Asiya. Zaidi anabwera ndi bokosi lachitsulo la kuusilikali basi. Asiya akakapeza kuti ndi zoona, bokosilo likhala panjira dzuwa lisanalowe.

M'mawa mwake anatenga dengu, nati akupita kukafuna milaza. Anadutsa njira ya m'minda, yachidule, nakakhala m'munda wa chinangwa moyang'anana ndi nyumba ya Benedicta. Nyerere zinam'kwera m'miyendo, iye osasuntha.

Posakhalitsa Zaidi anatulukira, akupalasabe choimirira, nkhope ili thukuta lokhalokha ngakhale ulendo unali usanapite patali. Anatsika pang'onopang'ono, atatangadza miyendo. Benedicta anali pakhonde akupeta mpunga, mayi wamtali wa imvi zochepa, kamtanda pakhosi.

"Mwadzuka bwanji lero, a Zaidi?"

"Chimodzimodzi, mayi."

"Pitani, ndakupukutirani kale."

Ndakupukutirani kale. Zaidi anatsamiritsa njinga pakhoma, osagogoda, osaodira, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba ngati kwawo.

Asiya anadikira pang'ono kuti akawapeze bwino. Koma Benedicta sanadzuke. Anapitiriza kupeta, akuthamangitsa nkhuku ndi phazi. Kodi wamuona? Kapena kuseriko kuli wina, mwana wake kapena mng'ono wake? Asiya anataya dengu, anawoloka msewu.

Ali pakati pa bwalo, kuseri kunamveka tcheni kulira. Kenaka panatulukira mapazi. Mapazi awiri m'mwamba, akuzungulira, kumbuyo kwake maondo, kenaka mimba, pomalizira mutu wa Zaidi utavala chisoti. Munthu wathunthu atagona chagada, akuyandama pafupi ndi nthaka, miyendo patsogolo.

"Subuhanallah!" Asiya anakuwa, nadumphira kumbuyo.

Zaidi anagwira mabuleki, chinthucho chinapendama, iye n'kugubudukira m'fumbi ngati thumba la madeya. Anabuula, manja onse atagwira m'munsi mwa mimba.

Chinali njinga ndithu, koma yaitali ngati bwato ndi yaifupi msinkhu. Kutsogolo kunali katayala kakang'ono, kumbuyo lalikulu. Mapedulo anali kumphuno. M'malo mwa chishalo panali mpando wopendekera kumbuyo, wolukidwa ndi milaza. Asiya anayang'ana mpandowo. Maluko ake anawadziwa nthawi yomweyo. Anali atawachapa kambirimbiri.

"Ndiye kugona kwake ndi kumeneku?"

"Mayi a Sofiya, mwatani kuno?"

"Musandifunse. Ine ndi amene ndifunse. Chinthu ichi n'chiyani, ndipo chikutani kwa mayi awa?"

Benedicta anaika lichero pansi. "Khalani pansi, mayi, timwe madzi."

"Sindinabwerere madzi."

"Chabwino. Njingayi inali ya wansembe wina wa msana wovuta, anabwera nayo kuchokera kwawo nkhondo isanayambe. Pobwerera anasiyira malemu bambo a kuno, poti ndi amene ankakonza zitsulo kumishoni. Yakhala m'khola la mbuzi zaka zonsezi. Mpando unadyedwa ndi chiswe, ndiye ndinaluka wina."

"Munalukira amuna anga."

"Ndinalukira wodwala." Benedicta anatembenukira kwa Zaidi, amene anali atakhala pansi chotangadza. "Kodi simunawauze? Munandilonjeza kuti muwauza."

"Ndinawauza."

"Munandiuza chiyani inu?" Asiya anafunsa.

"Dzulo lomweli. Ndinati mwera wandivuta."

"Mwera uti? Taonani mitengoyi! Nyanja yagona ngati mafuta m'mbale, inu mukuti..."

Benedicta sanali kuyang'ana mitengo. Anali kuyang'ana pamene manja a Zaidi anagwira.

Kunyanja kuno mwera ulipo uwiri. Wina umagubuduza mabwato. Wina umagwira mwamuna kumaliseche, n'kumatupa pang'onopang'ono mpaka munthu kulephera kuphatikiza miyendo. Dzina lake lenileni amuna salitchula, amangoti mwera. Asiya ankalidziwa liwulo bwino lomwe. Malume ake anafa akuyenda ndi nsalu yokha, buluku litakana. Koma dzulo, mwamuna wake atayang'ana pansi n'kulitchula, iye anayang'ana mumtengo.

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

"Chiyambire liti?"

"Mpunga usanache."

"Ndiye miyezi yonseyi kundifulatira ngati ndakulakwirani?"

"Ndimachita manyazi, mayi a Sofiya. Pachishalo sindingakhale, ndi moto. Bwana wa pachigayo akadziwa andichotsa, safuna munthu wodwala pafupi ndi matumba. Njingayi ndimaibisa m'tchire ndisanafike kuboma. Nanga nditalowa nayo m'mudzi nditagona chonchi, apongozi akafunsa chifukwa chake, ndiyankha kuti chiyani?"

"Msewu wonse ukukusekani, inu mukuopa mayi anga?"

"Amsewu amaseka njinga. Sadziwa chifukwa."

Asiya anatembenukira kwa Benedicta, maso ali tcheru. "Nanga inu munadziwa bwanji zimene ine mwini nyumba sindinaone?"

"Ndinagwira ntchito m'chipinda cha amuna kuchipatala mpaka imvi izi, mayi. Ndinawaona akutsika njinga pamsewupa kuti apume, akuyenda ngati akuwoloka mtsinje. Kayendedwe kameneko sindingakaiwale. Palibe china chimene ndinaona, mtima ukhale pansi."

Asiya anayang'ana khonde losesedwa bwino, nkhuku zonenepa, manja aatali a mayiyo. Mwina zinali zoona. Mwina zinali zoona lero lokha. Mkazi amene amapukutira mwamuna wa mwini mpando m'mawa uliwonse, ngakhale akhale wa mtanda pakhosi, si wom'siyira mpata.

"Zimachizika?" anafunsa.

"Kuno amangopopa madzi ndi singano, koma amabwereranso. Dokotala wodula ali ku Lilongwe. Ndawauza kangapo."

"Palole sindingakwere," anatero Zaidi msanga. "Mabampu a mumsewu uja angandiphe."

"Akunena za lole ndani? Si muli ndi machila anuwa? Mupita chogona." Asiya anaimirira, nasasa nsalu. "Dzukani, muchedwa kuntchito. Mukapemphe tchuthi, munene kuti kwanu kwagwa zovuta, si bodza. Madzulo mubwere nayo kunyumba njingayi. Mayi, zikomo, mwatithandiza. Tikabweza akachira. Iyi yachishaloyi ndikutenga ine."

Zaidi anaimika chinthu chija, anadzitsitsa pampando mosamala, n'kuponda. Poyamba chinadzandira ngati mwana wa ng'ombe, kenaka chinawongoka. Asiya anaima pamsewu. Sanayembekeze kuti chingathamange choncho. Chinkangoseseleka pansipansi, mutu wa Zaidi uli phee, mpaka chisoti chinazimirira kuseri kwa migwalangwa.

Madzulo mudzi wonse unatuluka. Ana anathamangira njingayo akukuwa, agalu akuuwa. Mayi ake a Asiya anagwira pakamwa.

"Mkamwini wanga akubwera ngati maliro pajeneza! Malodza anji amenewa?"

"Ndi msana, amayi," anatero Asiya. "Matumba a kuchigayo. Lowani m'nyumba."

Lamulungu, Zaidi ali pakhomo, Asiya anatenga mpeni n'kudula milaza yonse ya pampando uja. Inali yolimba bwino, yolukidwa ndi munthu wodziwa, koma anaidula ndithu n'kusonkhezera moto. Anatenga yake imene anali atanyika m'madzi, ina yoyera, ina yonyikidwa mu utoto wofiira, naluka maluko ake a mano a ng'ona amene pa Chia ponse palibe wina ankawatha. M'munsi mwa mpando anasiya malo otakasuka. Zaidi ataona, anangomubweretsera madzi akumwa osatumidwa.

Tsiku la ulendo anamangirira kumbuyo kwa mpando mpunga wophika, nsomba zowamba, chigubu cha madzi, pampu ndi zomatira machubu. Njira inali yodzera ku Benga mpaka ku Salima, kenaka zitunda zokhazokha.

"Pachitunda muzitsika, muzikankha. Dzuwa likakwera mupume. Mukakumana ndi galimoto ya Bwana Disi, musavutike kugubuduka kuti mupereke ulemu, ingovulani chisoti."

"Nanga akakandidula n'kusadzuka?"

"Mudzuka. Kunkhondo munabwerako. Ndipo pobwerera musapitirire kunyumba yozira laimu ija, njira ya kwanu mukuidziwa."

Zaidi anaseka koyamba m'miyezi yambiri. Anagona pampando, anagwedeza msana kuuyesa, nati, "Mpandowu ukukanda bwino." Anatchula dzina la Mulungu, naponda.

Tatu anali pamsewu ndi dengu lake la nsomba. Anayang'ana mapazi akudutsa, kenaka mutu.

"Mlamu! Amuna anu agonanso!"

"Eya, agona," anatero Asiya. "Pamkeka wanga."

Anaima mpaka fumbi linakhazikika. Mumchenga munatsala mzere wa matayala wolowera kumwera, wokhotakhota poyambira, wowongoka kutsogolo. Atabwerera pakhomo analowetsa njinga yakale ija m'nyumba. Anapukuta chishalo ndi kansanza konyowa, anachipaka timafuta pang'ono, n'kuchivundikira ndi nsalu yoyera.