Mwendo wa a Laurenti

Moni nonse owerenga. Tiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watisunga mpaka lero.

A Laurenti, ogulitsa nyama ya mbuzi mumsika wa Zingwangwa, anali ndi mng'ono wawo Onesimo, yemwe anachita kumutenga ku Nsanje ali wamng'ono n'kumulera okha. Onesimo anadwala khansa ya m'magazi. Madokotala anati chithandizo chotsala chili kunja kwa dziko, komwe angamupatse mafuta a m'mafupa a m'bale wake. Atayeza abale onse, a Laurenti ndi amene magazi awo anagwirizana ndi ake.

"Ndavomera," anatero, osafunsa kalikonse.

Koma munthu amene wagwira chikwanje zaka makumi awiri amadziwa njira imodzi yokha yofikira mafuta a m'fupa: kuliswa. A Laurenti anayang'ana miyendo yawo, n'kusankha wamanzere. Sanauze munthu. Anangokwera minibasi kupita ku Chirimba kwa kalipentala, n'kuyezetsa ndodo ziwiri zoyendera.

Kalipentalayo pakamwa sipanali pogona mawu. Nkhani inafika kwa Onesimo, ndipo iye anakana ulendo wonse.

Tsiku lotsatira Sophie, mwana wa a Laurenti yemwe ndi namwino, anatulukira pa benchi ya nyama maso ali psu.

"Ababa, ndodo zija ndi za ndani?"

"Ndodo ziti, mayi?"

"Musandizembe. Ankolo akana kupita chifukwa cha inu. Tsekani, tiyeni!"

Anapeza Onesimo atagona pamkeka pakhonde, atawonda ngati bango.

"Achimwene," anatero ndi mawu otsika, "munandilera, zakwana. Mwendo wanu ayi. Bola ndipite kwa Atate."

"Khala chete iwe. Miyendo ndili nayo iwiri, mng'ono ndili naye mmodzi."

Sophie anafuna kukalipa, koma misozi inamutsogolera. Anakhala pansi pakati pawo.

"Nonse awiri mundimvere. Kuchipatala si kubutchala, ababa. M'kati mwa mafupa muli timaselo tomwe tili ngati mbewu. Ndi timene timabala magazi atsopano tsiku ndi tsiku: maselo ofiira, maselo oyera olimbana ndi matenda, ndi ena oumitsa magazi pabala. Mbewu ya ankolo ndi imene yawonongeka. Madokotala adzaipha ndi mankhwala, n'kuwapatsa yanu kudzera mudiripi. Ikakhazikika m'mafupa awo, idzayamba kubala."

"Ndiye aitulutsa bwanji osaswa fupa?"

"Ndi jakisoni. Mwina adzakugonekani tulo n'kukoka pang'ono pafupa la m'chiuno, mwina adzaisefa m'magazi a pamkono. Mudzamva kuwawa masiku ochepa, ndipo pakapita masabata thupi lidzabweza zonse."

A Laurenti anakumbukira kuti ngakhale kholo lathu loyamba linagonekedwa tulo n'kuchotsedwa nthiti, ndipo linadzuka lili ndi mnzake.

"Jakisoni?" anafunsa, nkhope itagwa. "Wamkulu bwanji?"

Onesimo anaseka mpaka kutsokomola. "Tamuonani munthu! Mwendo mumapereka, koma jakisoni mukunjenjemera!"

"Chikwanje ndimachidziwa ine. Zobayabayazi ayi."

Kuseka kutatha, Onesimo anayang'ana Sophie. "Undiuze zoona, mwana wanga. Ndidzachira?"

"Sindinganame, ankolo. Ena amachira, ena thupi limalimbana ndi mbewuyo. Koma mwayi ulipo, ndipo wa m'bale weniweni ndi wabwino koposa."

"Ndipo achimwene adzabwerera akuyenda okha?"

"Ndi miyendo yawo iwiri."

Onesimo anatseka maso, milomo ikuyenda ngati munthu wopemphera. Kenako anatambasula dzanja, a Laurenti n'kuligwira.

"Kawauze madokotala kuti ndipita."

Ambuye amene amadziwa za m'kati mwa mafupa athu akusungeni inu owerenga, alimbitse odwala a m'nyumba mwanu, ndipo asakusowetseni m'bale pa tsiku la msauko.