Tidayamba Talonjera kwa Kapitawo

Tadala adandiuza nkhani yake tikutsuka makapu a phala kuseri kwa tchalitchi. Sadalire. Ankangopukuta kapu imodzi yomweyomweyo, maso ali pansi. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe amene ankalima fodya pa esiteti ina kumtunda kwa Nachisaka.

"Anti, a Kenneth amanditsalitsa anzanga akamapita. Amati ndiwathandize kulongedza mabuku."

Zotsalazo sindinena pano. Adandiuza, ndidamva, ndipo ndidakhala pansi pa matope.

Ine ndine Eliza, mlangizi wa bungwe lina losamalira ana. Ndimayendera makalabu a ana m'mapiri a Dowa mpaka kumalire a Ntchisi, pa njinga yamoto yomwe imatsokomola pa chitunda chilichonse. Kalabu ya pa esiteti imeneyo ndinkayinyadira. Loweruka ana a matenanti ankasiya fodya, n'kubwera kudzamwa phala, kuimba ndi kuphunzira kuwerenga. Amene ankawaphunzitsa modzipereka anali Kenneth ameneyu, munthu wa ndevu zake, waulemu pamaso, wodziwa kuimbitsa ana. Analinso mwana wa a Solomoni, kapitawo wa pa esitetipo. Mwini esiteti amakhala ku Lilongwe, choncho a Solomoni ndiwo ankagawa minda, ndiwo ankagawa chimanga cha phoso, ndiwonso ankanena kuti uyu atsale, uyu apakire katundu.

"Anti, a Solomoni asamve," adatero Tadala. "Akamva atithamangitsa fodya asanaume."

Ndidamuuza kuti wachita bwino kunena, kuti wolakwa si iye, ndipo kuti ndiuza akuluakulu anga okha. Masana omwewo ndidakwera pachulu pomwe foni imagwira, n'kuimbira a Sharon, amene amaona za chitetezo cha ana ku ofesi yathu ya ku Lilongwe.

A Sharon sindingawanenere zoipa. Sadazengereze. Sabata isanathe adatulukira ndi galimoto yoyera ya bungwe, dzina lathu litalembedwa pachitseko ndi zilembo zoti ngakhale wakhungu angazione. Ndidakumana nawo pa Nachisaka mvula ikuwaza.

"Galimotoyi tiisiye pano," ndidatero. "Tidzere njira yakudambo wapansi. Ndikawaitana mayi a mwanayo ngati tikupita kumjigo, tikakambirane kuthengo komweko."

Dalaivala wathu, a Andreya, ndi bambo wachikulire wa ku Mvera, mkulu wampingo, munthu wosadutsa ngakhale mwana osam'patsa moni. Adandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Mayi, tilowe m'munda wa eni ake ngati akuba? Chiyambireni timayamba talonjera kwa kapitawo. Lero akamva kuti tadzera kumbuyo, kalabu ija aitseka, ndiye ana enawo tiwaonera kuti?"

Zinali zoona kuti bungwe lathu limalowa pa esitetipo mwa chilolezo cha eni ake, ndipo akatitsekera geti sitingathyole. A Sharon adati, "Tingopereka moni, Eliza. Chimene tabwerera sitinena."

Ndidakana, ndidakananso. Koma mvula idalimba, mtsinje wakudambo unali utadzaza, ndipo ine ndinali wamng'ono pa onse m'galimotomo. Akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna. Ife tidanyamula manyazi athu n'kukaimika galimoto pakhomo pa a Solomoni.

Adatilandira ndi manja awiri. Mipando idatuluka, akazi awo adagwada kutipatsa moni mmodzimmodzi, chimanga chowotcha chidabwera m'mbale. Tidafunsana za mvula, za fodya, za msewu wa ku Msakambewa umene udaguga. Kenneth adadutsa ndi khasu, n'kuwomba m'manja chapatali.

"Nanga alendo athu alowera kuti lero?" adafunsa a Solomoni.

"Tingoyendera mabanja angapo a ana athu a ku kalabu," adayankha a Sharon.

"Zabwino zimenezo. Ndikuperekezani."

"Ayi bambo, musavutike. Eliza akudziwa njira."

"Kuvutika kwake kuti? Mlendo wochokera ku Lilongwe ayende yekha m'matope ine ndilipo? Abwana akamva anditenga ngati munthu wanji?"

Munthu amene wakupatsa mpando ndi chimanga umamukana bwanji kuti asakuperekeze? A Sharon adayesanso, mawu awo adangosungunuka m'kuseka kwa a Solomoni. A Andreya adatsegula chitseko chakutsogolo, poti wamkulu sakhala kumbuyo, ndipo kapitawo adakwera.

Ndidayesa nzeru yanga yotsala. Ndidayamba kulozera nyumba za ana ena, kuti ya Tadala ingooneka ngati imodzi mwa zambiri. Tidalowa kwa uyu, tidafunsa za sukulu, tidatuluka, tidalowa kwa winanso. Ndinkati tikafika kwa Tadala tingopereka moni n'kupita, zenizenizo tidzachite tsiku lina. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mwanayo anali atawauza amayi ake kuti waulula kwa Anti.

Amake a Tadala anali pakhonde akusankha nyemba. Ataona galimoto ya bungwe ikuima, ine ndikutsika, kapitawo akutsikanso kutsogolo, lichero lidagwa. Adathamanga n'kugwada m'matope pamapazi a a Solomoni.

"Bwana, sitinanene ndife! Ndi mwanayu, ndi wachibwana. A Kenneth sitinawanenere kanthu ife. Tikhululukireni, bwana!"

Nkhuku zidayamba kutola nyemba zija. A Solomoni adandiyang'ana ine, kenako a Sharon, ndipo kuseka konse kuja kudachoka pankhope pawo.

A Sharon adalimba mtima. Adapempha kuti tiyankhule ndi banjalo patokha, ndipo a Solomoni adati palibe vuto, n'kukaima pansi pa mtengo wa mango pabwalo pomwepo. Nyumba za matenanti ndi zaudzu. Ukatsokomola mkati, wa panja amadziwa kuti ndiwe.

Tadala adakhala pamphasa pakati pa amayi ake ndi bambo ake, amene adathamanga kuchokera kumunda manja ali akuda ndi utomoni wa fodya. A Sharon adayankhula motsitsa mawu, mwachifundo, monga adaphunzirira. Adamuuza Tadala kuti asaope.

"Ndinanama," adatero mwanayo.

"Tadala, ndiyang'ane," ndidatero ine.

Sadandiyang'ane. "Ndinanama, Anti. Ndimangocheza."

A Sharon sadapusitsike. Tsiku lomwelo adamuchotsa Kenneth pa ntchito ya kalabu, n'kumuletsa kuyandikira chilichonse cha bungwe. Adakanenanso nkhaniyo kwa oona za ana kuboma. Bambo wa kumeneko adabwera pa njinga yamoto, adakhala ndi mwanayo payekha nthawi yaitali, koma adamva mawu amodzi omwewo. Potuluka adandiuza kuti khomo lake ndi lotsegula, mwanayo kapena makolo ake akangofuna kuyankhula. Ine ndidapita kwa bambo a Tadala kukawapempha kuti timupezere mwanayo malo kwina, kapena tilithandize banja lonse kubwerera kwawo.

"Alangizi, tipite kuti?" adatero. "Ku Phalombe munda unakokoloka ndi madzi. Thukuta lathu la chaka chonse lili mu fodya ali m'chigafamo. Ang'ono ake atatuwa adya chiyani? Inu mukwera njinga yanu madzulo. Ife tigona pompano."

Madzulo ndidakweradi njinga yanga.

Ku ofesi nkhaniyo idakambidwa pa msonkhano. Adati tachitapo kanthu msanga, woganiziridwayo wachotsedwa, aboma adziwitsidwa. Adakhazikitsa lamulo loti wamkulu asamatsale yekha ndi mwana, ndipo lamulolo ndi labwino, sindikutsutsa. Wina adayamba kuwomba m'manja. Ndidaimirira n'kufunsa kuti, "Nanga mwanayo?" Adandiuza kuti zimene zikuchitika kunja kwa kalabu mphamvu zathu sizifikako, koma tipitiriza kuyang'anira. A Sharon sadawombe nawo m'manja. Tidatuluka limodzi, n'kuima pakhonde, aliyense atapsa mtima ndi chinthu chimene sangachimenye.

Loweruka lotsatira Tadala sadabwere. Ana ena a matenanti adachepanso, makolo awo ataona kuti kalabu imabweretsa galimoto pakhomo. Phala lidatsala mumphika. A Solomoni sadatitseke, ayi. Ankandilonjera mwaulemu kuposa kale, n'kumandifunsa ngati njinga ikuyenda bwino.

Nditatha masabata osamuona, tsiku lina ndidasiya njinga kuseri kwa tchalitchi n'kudzera m'mizere ya fodya, osalonjera aliyense. Inali nthawi yothyola. Pa nthawi imeneyi manja onse amafunika, a ana omwe, kaya malamulo anena chiyani. Ndidawapeza m'chigafa, chomwe ndi chisakasa chachitali choyanikamo fodya. Amayi ndi ana anali atakhala pansi m'mizere, akusoka masamba ndi singano zazitali n'kumawakoloweka pa timitengo. Fungo lake lidandilowa mpaka m'maso.

Pakhomo pa chigafacho, pampando, padali Kenneth. Popeza kalabu idamutaya, bambo ake adam'patsa ntchito yoyang'anira osoka fodya. Kale ankamuona Tadala Loweruka lokha, ine ndili chapafupi. Tsopano ankamuona kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, tsiku lililonse.

"Takulandirani, Alangizi," adatero, akuwomba m'manja. "Mwasochera?"

Ndidangomudutsa. Ndikadatsegula pakamwa padakatuluka zoti amayi onse aja akadavutika nazo ine nditapita.

Tadala anali kumapeto kwa mzere. Adawonda. Atandiona adadzuka, adatenga chidebe ngati akupita kukatunga madzi, n'kuzungulira kuseri kwa chigafa. Ndidamutsatira. Ndinkati mwina akufuna kuyankhula, ndipo ndinali wokonzeka kumukweza panjinga nthawi yomweyo mpaka kuboma, zotsatira zake tikazione konko.

"Tadala, tiye. Pompano. Palibe amene akugwire."

Adapukusa mutu. "Amayi ndi ana atsala ndi ndani?"

"Tikawatenganso."

"Liti?"

Iye adayang'ana kuchigafa, kenako adandiyang'ana ine m'maso, koyamba chiyambireni nkhaniyi.

"Anti, musamabwerenso kuno. Mukabwera, kunyumba zimavuta."

Mkati mwa chigafa Kenneth adaitana dzina lake. Sadakuwe, adangoitana.

"Wawa," adayankha Tadala. Adaika chidebe chija pansi chopanda madzi, n'kubwerera.