Ndalama Zokwanira Anthu Asanu ndi Mmodzi

Mayi Telala ankasokera pakhonde la nyumba yawo ya zipinda ziwiri, pa mashini akale opalasa ndi mapazi. Amuna awo ankawotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba yomweyo, pansi pa malata anayi, ndipo anthu a mumsewu wonse ankawatcha a Mphezi chifukwa cha kung'anima kwa ntchito yawo. Anali ndi ana awiri, mnyamata ndi mtsikana. Zonona sankadya, koma sanagonepo ndi njala.

Chaka chimenecho akulu awo a Mayi Telala anamwalira mumzinda wina, nasiya atsikana awiri amapasa a zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo wa anawo anachoka iwo ali m'mimba, ndipo palibe ankadziwa kumene analowera. Uthenga unachedwa panjira, moti Mayi Telala pofika anapeza anawo atatengedwa kale kupita kunyumba yosungirako ana amasiye.

Maliro atatha, anapita ku ofesi yoona za ana. Anawalandira mayi wina wa magalasi, wolankhula motsitsa, amene anamvetsera nkhani yonse asanatulutse pepala mu kabati.

"Sikuti tikukukanizani, mayi," anatero. "Koma pano timatsatira pepala ili. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, kuti likhale bwinobwino osati kumangopuma, liyenera kupeza 600 sauzande pamwezi. Muli lendi, chakudya, sukulu, zovala, mayendedwe, mankhwala, ndi kena kosungira tsiku la tsoka. Inu ndi abambo mumapeza zingati?"

"Mwezi ukakoma, 450."

"Ukapanda kukoma?"

Mayi Telala anangoyang'ana zala zawo zobayidwa ndi singano.

"Komiti imakumana pakatha miyezi itatu," anatero mayi wa magalasi uja. "Mukadzabwera ndi umboni wolembedwa, ine ndidzakulankhulirani."

Kunyumba a Mphezi atamva, anaponya magolovesi pa benchi.

"Pepala limenelo linaberekapo mwana? Magazi athu omwe, mpaka tichite kuwagula?"

"Musalimbane ndi pepala, bambo a ana," anayankha Mayi Telala. "Lanena zoona. Mwaiwala kuti mtsikanayu atadwala tinagulitsa wailesi? Ine sindikufuna kuwatenga kuti adzazunzike pano. Ndikufuna adzakhute."

Mwezi woyamba anagwira ntchito ngati abulu. Mayi Telala ankalandira chilichonse, zigamba, zipi zoduka, mabatani. A Mphezi ankayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pali geti lolendewera. Mwezi utatha, maso a mayi anali ofiira, msana wa bambo uli gwa, ndipo zomwe anawonjezera zinali 40 sauzande basi.

Loweruka anapita kukaona mapasa aja. Anawapeza atakhala pa masitepe, atametedwa mpala onse awiri.

"Amayi aang'ono, mwabwera kudzatitenga?" anafunsa mmodzi.

"Posachedwapa, mwanangu."

"Mawa?"

Mayi Telala anamukonza kolala ya diresi m'malo moyankha.

Patapita masiku, pakhonde panafika mayi wina, mwini sukulu ya mkaka, kudzasoketsa makatani. Poyembekezera anayamba kudandaula za mipando ya pulasitiki ya pasukulu pake.

"Teremu iliyonse ndimagula yatsopano. Ana a masiku ano sakhala pampando, amaukwera ngati hatchi. Ndalama zanga zonse zikuthera m'dzala."

Mayi Telala anaimitsa mashini. Kuseri kunkamveka a Mphezi akudula chitsulo.

"Bwanji mutapeza mpando wa miyendo yachitsulo, pokhalira pali nsalu yokhuthala yochotsa n'kuchapa?"

"Umapezeka kuti?"

"Mubwere Lachisanu."

Mpando woyamba unatuluka wokongola, wa utoto wachikasu. A Mphezi anati auyese okha. Atangokhalapo msoko unang'ambika, iwo n'kupezeka pansi, miyendo ili m'mwamba, chitsulo chitawakola m'chiuno. Ana anaseka mpaka kugubuduka.

"Ndinati wa ana, sindinati wa mvuu," anatero Mayi Telala akupukuta misozi.

"Ukandinyamula ine, unyamula mwana aliyense," anayankha a Mphezi ali pansi pomwepo. "Sokaninso, amayi ake."

Anapinda nsalu kawiri, nasoka mizere itatu. Lachisanu mwini sukulu anapeza a Mphezi ataimirira pa kampando kaja ndi miyendo yonse iwiri. Anagula khumi. Patatha sabata anaitanitsa makumi anayi, nauzanso anzake atatu a masukulu ena. Pakhonde panadzaza timiyendo tachitsulo, moti mlendo ankachita kulowa cham'mbali. Mayi Telala sankalola mpando kutuluka popanda risiti, ndipo masukulu awiri analemba kalata yolonjeza kuti azigula ndi kukonzetsa kwa iwo chaka chonse.

Tsiku la komiti, a Mphezi anavala jekete lawo laukwati, lomwe linali litasiya kutsekeka pamimba. Anati mtima wawo sungapirire, choncho anatsala panja pa benchi. Mayi Telala analowa okha. Kuseri kwa tebulo lalitali kunakhala anthu atatu, pakati pali wapampando, bambo wadazi wogwira cholembera ngati mkondo. Mayi wa magalasi uja anakhala chakumbali.

Wapampando anasanthula mapepala onse, nawonkhetsa kawiri.

"Mwayesetsa, mayi, ndipo sindikunama. Koma zikukwana 570 pamwezi. Zaperewera 30. Mwina tikupatseni miyezi ina isanu ndi umodzi."

Mayi Telala anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Bambo, ndingaone nawo pepala lanulo?"

Anawapatsa. Anatsitsa chala pang'onopang'ono mpaka pa mzere wachisanu.

"Apa mwalemba 50 sauzande ya basi, ya anthu awiri opita kuntchito. Ine ntchito yanga ili pakhonde. Abambo akadzuka amayenda mapazi khumi, afika. Basi imeneyi timaikwera kuti?"

Mmodzi wa a komiti anatsokomola pobisa kuseka.

"Apanso mwalemba mayunifolomu a ana anayi. Ine ndine telala. Mwana wanga avale yunifolomu yogula, anthu a mumsewu mwathu adzanditenga bwanji? Pepala lanu ndi labwino, bambo, latiphunzitsa zambiri. Koma linalembedwera banja lina. Lathu ndi ili."

"Ndinapitako kunyumba kwawo," anatero mayi wa magalasi. "Zili monga akunenera."

Wapampando anachotsa manambala awiri aja, nawonkhetsanso. Anayang'ana mnzake wa kumanja, kenako wa kumanzere, ndipo onse anagwedeza mutu.

"Ndiye kuti mwadutsa, ndi zotsala," anatero akusaina. "Mukawatenge Lachisanu. Ndipo mundisiyire nambala ya abambowo, geti la kwathu latha chaka likulira."

Mayi Telala anatuluka nkhope ili ndwii, akuyenda mwapang'onopang'ono. A Mphezi anaimirira, nayamba kuwatonthoza.

"Musadandaule, amayi ake. Tidzayesanso."

Mayi anawapatsa pepala losainidwa lija. A Mphezi anawerenga, milomo ikuyenda, kenako anakhalanso pa benchi n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

"Mwandipusitsa pa anthu," anatero a Mphezi.

Lachisanu mapasa anafika ndi kachikwama kamodzi. Anaima pakhomo atagwirana manja, mpaka mtsikana wa m'nyumbamo anawakoka kuti akaone pogona pawo. Nthawi ya chakudya chamasana zinapezeka kuti tebulo lachepa. Mawondo ankagundana, zigongono zikulowa m'mbale za eni, ndipo kapu ya madzi inagwa kawiri. Mayi Telala anawonjezera ndiwo m'mbale ya aliyense osafunsa. A Mphezi anadzuka akutafuna, natenga chingwe, n'kuyamba kuyeza kuchokera pakhoma mpaka pachitseko.